Mwala wa malasha pa tebulo la ophunzira

MOATIZE - Pakati pa chaka cha 2009 ndi 2010, kampani ya Vale ya ku Brazil inasamutsa mabanja oposa 1,300 m'midzi ya Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe pofuna kukumba malasha amene anali pansi pa nyumba ndi minda yawo. Mabanja oposa 700, amene anawalemba kuti ndi alimi, anawapititsa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Mabanja pafupifupi 290, amene anawalemba kuti amadalira ntchito ya malipiro ndi maganyu a m'tauni, anawamangira nyumba ku bairro 25 de Setembro, m'tauni momwemo mwa Moatize.

Mwana amene anali kumbuyo kwa amake tsiku la msamukolo, lero ali pafupi kutsiriza sekondale. Amene ankayenda kale ndi miyendo yake, wafika msinkhu wa kukoleji. Makolo ambiri a ku 25 de Setembro alibe machamba oti adzasiyire anawa, ndipo dothi limene amalume awo ankaumbira njerwa lili m'kati mwa mpanda wa mgodi. Cholowa chimene chatsala ndi sukulu. N'chifukwa chake funso loti mwana akaphunzira kuti, ndiponso akaphunzira motani, si funso la anthu ovala mataye okha. Ndi funso la nsima ya mawa.

Sukulu zilipo tsopano

Amene anakula nthawi ya nkhondo akukumbukira kuti wofuna yunivesite ankayenera kupita ku Maputo, ulendo wa makilomita oposa 1,500. Lero zinthu zinasintha. Ku Moatize komweko kuli Instituto Médio de Geologia e Minas, kumene achinyamata amaphunzira za miyala ndi migodi. M'chaka cha 2005 Boma linakhazikitsa Instituto Superior Politécnico de Tete, imene ili ku Matundo, pamsewu wochokera ku mlatho wa Samora Machel kubwera ku Moatize, ndipo kumeneko amaphunzitsa mainjiniya a migodi ndi a kayeretsedwe ka miyala. Universidade Zambeze ili ndi nthambi ya zaumoyo mumzinda wa Tete ndi ya zaulimi ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Ku Songo, pafupi ndi damu la Cahora Bassa, kuli sukulu ina ya mainjiniya a magetsi ndi madzi. Universidade Católica nayonso ili ndi nthambi yake ku Tete, ndipo kuyambira 2019 aphunzitsi ambiri a m'chigawo chino amasulidwa ndi Universidade Púnguè.

Kutsidya kwa malire, munthu akadutsa pa Zóbuè ndi Mwanza, n'kupitirira Blantyre, amafika ku Thyolo kumene Malawi University of Science and Technology inatsegula zitseko zake mu 2014, m'nyumba zazikulu zomangidwa ndi ngongole yochokera ku China.

Tsono nyumba zilipo. Koma nyumba yokha siphunzitsa munthu, monga mmene nkhokwe yatsopano siidzaza yokha. Nkhani imene anthu a maphunziro akhala akukambirana m'maiko ambiri kwa zaka 30 zapitazi ndi ya zimene zimachitika m'kati mwa chipindacho, ngakhalenso mmene mipando imayalidwira.

Chipinda chopanda kutsogolo

Tonse tikuchidziwa chipinda chakale. Mabenchi amandandalikidwa ngati mizere ya chimanga, onse kuyang'ana bolodi. Mphunzitsi amaima kutsogolo ndi choko, amalankhula, ophunzira amalemba. Wokhala kumbuyo amangoona makosi a anzake. Pakutha pa chaka amapatsidwa pepala kuti abweze zimene anameza. Wokumbukira kwambiri ndiye amatchedwa wanzeru, ngakhale atakhala kuti sanagwirepo chipangizo chimene wachijambula bwinobwino m'kope.

M'zaka za m'ma 1990, mphunzitsi wa sayansi dzina lake Robert Beichner, wa ku North Carolina State University ku America, anayesa kuchotsa mabenchi onse. M'malo mwake anaikamo matebulo ozungulira, lililonse lokhala ophunzira 9, ogawidwa m'magulu atatu a anthu atatuatatu. Makoma onse anawaika mabolodi oyera kuti gulu lililonse lizilembapo poyera zimene lapeza. Chipindacho chilibe kutsogolo kapena kumbuyo. Mphunzitsi alibe guwa. Amayendayenda pakati pa matebulo, amamvetsera mkangano wa ophunzira, amaponya funso, n'kupita pena. Mawu ake kwa onse amakhala a mphindi zochepa chabe, nthawi yotsalayo ophunzira amayeza, amawerengera, amatsutsana. Njira imeneyi inatchedwa SCALE-UP, ndipo sukulu yotchuka ya mainjiniya ya MIT inamanga zipinda zofanana nazo kuyambira 2001. Lero mayunivesite ambiri akamamanga nyumba yatsopano ya sayansi, amayamba afunsa kuti ophunzira adzakhala motani, kenaka ndiye ajambule makoma.

Wina anganene kuti amenewa ndi masewera a anthu olemera. Koma pali manambala. Mu 2014, Scott Freeman wa ku University of Washington ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 225 wa maphunziro a sayansi, masamu ndi uinjiniya. Anapeza kuti pa ophunzira 100 alionse ophunzitsidwa mwa kumvetsera chabe, pafupifupi 34 ankalephera. Pa ophunzira 100 ophunzitsidwa mwa kugwira ndi kukambirana, olephera anali pafupifupi 22. Kusiyana kwake ndi ana 12 pa 100 alionse. Kholo limene linagulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga kuti lilipire propina likudziwa kulemera kwa nambala imeneyi: mwana akalephera chaka, mbuzi ija yapita pachabe.

Chodabwitsa china chinapezeka ku Harvard mu 2019. Louis Deslauriers ndi anzake anagawa ophunzira pawiri. Ena anawaphunzitsa ndi mphunzitsi wodziwa kulankhula mokoma, ena anawapatsa mafunso oti alimbane nawo m'magulu. Atawafunsa, amene anamvetsera mphunzitsi wokoma pakamwa uja anati anaphunzira zambiri ndipo anasangalala. Atawapatsa mayeso, amene anavutika m'magulu aja ndiwo anakhoza kuposa. Apa pali chenjezo kwa makolo. Mwana akabwera kunyumba n'kudandaula kuti mphunzitsi wake sapereka manotsi okwanira, amangowasiya akanganekangane okha, musafulumire kunena kuti mphunzitsiyo ndi waulesi. Mwina ndi iyeyo amene akugwira ntchito.

Ndipo si za kunja kokha. Kuno kwathu, sukulu ya udokotala ya Universidade Católica ku Beira inayamba mu 2000 ndi njira imene inatchuka ku Maastricht, m'dziko la Netherlands. Ophunzira ochepa amakhala pamodzi, amapatsidwa nkhani ya wodwala, mwachitsanzo mwana wotentha thupi ndi wotupa mimba, ndipo iwo eni amapeza zimene sakuzidziwa, amapita kukawerenga, n'kubweranso kudzafotokozerana. Mmodzi amatsogolera zokambirana, wina amalemba, mphunzitsi amangowongolera akasochera. Ku Nampula, Universidade Lúrio imatumiza wophunzira zaumoyo kuti aziyendera banja la m'dera loyandikana ndi sukuluyo, kuti aphunzire matenda pakhomo pamene amayambira.

Phunziro la malasha

Tiyeni tiyerekeze mmene phunziro lotere lingakhalire kwa ana a ku Moatize, amene malasha amawadziwa ndi mphuno asanawadziwe ndi buku.

Tebulo lililonse lapatsidwa sikelo, botolo la madzi lokhala ndi mizere yoyezera, ndi miyala itatu: wamalasha, wina wakuda wofanana ndi malasha koma uli wadongo louma, ndi wina wamchenga. Funso ndi limodzi: sitima ikufuna malasha okhaokha, koma chofukula chimatola zonse pamodzi, matani zikwizikwi pa tsiku. Mungalekanitse bwanji popanda kusankha ndi manja?

Poyamba pamakhala phokoso lopanda mutu. Wina akuti tiyang'ane mtundu, mnzake akumuonetsa kuti miyala iwiri ndi yakuda mofanana. Wina akuti tiotche, anzake akumuseka kuti ukaotcha ugulitsa chiyani. Kenaka wina amaika mwala pa sikelo, n'kuuponya m'botolo kuti aone madzi akwera mizere ingati. Akagawa manambala awiriwo amapeza kuti malasha amalemera kuposa madzi a muyeso womwewo pang'ono chabe, pafupifupi kamodzi ndi theka, pamene miyala inayo imalemera pafupifupi kawiri ndi theka. Zonse zimamira m'madzi, koma sizimira mofanana. Apa ndi pamene mtsikana wa ku Zóbuè angakumbukire lichero la amake: popeta, gaga amauluka, mphale imatsala, chifukwa kulemera kwake n'kosiyana. Wina angakumbukire kuti dzira limamira m'madzi akumwa koma limayandama m'madzi a mchere wambiri. Ndiye tingawalemeretse bwanji madzi kuti malasha ayandame, miyala imire? Amayesa mchere, ndipo amapeza kuti mchere sukwanitsa.

Pamenepo mphunzitsi ndiye amalankhula, mwachidule. Amawauza kuti m'nyumba zotsukira malasha amasakaniza madzi ndi ufa wa mwala wachitsulo wotchedwa magnetite. Madziwo amalemera, malasha amayandama, miyala imamira, ndipo ufa uja amaukokanso ndi maginito kuti augwiritse ntchito kachiwiri. Mawu amenewa atanenedwa pachiyambi akanangolowa khutu ili n'kutulukira linalo. Atanenedwa kwa anthu amene alimbana ndi funsolo kwa ola lathunthu, amakhazikika. Ndipo si nkhani yaing'ono, pakuti malasha a ku Moatize ali ndi phulusa lambiri, ndipo mtengo wake pa msika umadalira katsukidwe. Otsukidwa bwino amagulidwa ndi mafakitale osungunula chitsulo pa mtengo wokwera. Otsalawo ndi ongowotcha popanga magetsi.

Mafunso otere m'dera lathu ndi osatha. David Livingstone anaona malasha pafupi ndi Tete mu 1856, koma ndi angati mwa ife amene angafotokoze kuti mwala wakudawu ndi nkhalango za m'madambo zimene zinakwiririka zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo? Akuluakulu a ku Moatize sanaiwale ngozi za m'migodi ya pansi ya Chipanga mu 1976 ndi 1977, pamene anthu ambiri anafera pansi pa nthaka. M'migodi ya malasha mumatuluka mpweya wotchedwa methane, wopanda fungo ndi mtundu, umene umaphulika ukafika pakati pa magawo 5 ndi 15 pa 100 a mpweya wa m'mgodimo. Wophunzira amene wangoloweza manambala awiriwa ndi wosiyana ndi amene wagwira kachipangizo koyezera, n'kuwerengera ndi anzake kuti pafunika mphepo yochuluka bwanji kuti anthu atuluke amoyo.

Migodi ikuluikulu ya lero ndi ya pamtunda, ndipo mavuto ake ndi ena: fumbi, kugwedezeka kwa nyumba pophulitsa miyala, ndi madzi. Mu 2018 anthu okhala m'mphepete mwa mgodi wa Moatize analowa m'katimo n'kuimitsa ntchito podandaula za fumbi. Mu Janeiro 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka, ndipo bungwe la Human Rights Watch linalemba za madandaulo amenewa mu 2013. Pa milandu yonse yotere, mudzi umakhala ndi maso ndi chifuwa chotsokomola, kampani imakhala ndi manambala. Tsiku limene mwana wa mudziwo adzatha kuyeza yekha fumbi la pa denga ndi madzi a pachitsime, n'kulemba lipoti loti injiniya wa kampani sangalikane, zokambirana zidzakhala za anthu ofanana msinkhu.

Zopinga zake

Tisanamizane, njira imeneyi ili ndi minga yake, ndipo ina ndi ya kwathu konkuno.

Munga woyamba ndi chilankhulo. Pa benchi yakale, mwana wosadziwa bwino Chipwitikizi amabisala: amalemba, amakhala chete, palibe amamudziwa. Pa tebulo lozungulira palibe pobisala. Mwana wa ku Zóbuè amaganiza m'Chinyanja, wa ku Moatize m'Chinyungwe, ndipo makolo a ena anaphunzira Chingerezi ku Malawi, m'misasa ya othawa nkhondo monga wa Luwani, mtendere wa 1992 usanabwere. Wa mumzinda amene anayamwa Chipwitikizi angalande zokambirana zonse ngakhale nzeru zake zili zochepa. Mphunzitsi wanzeru saletsa gulu kukangana m'chilankhulo cha kwawo, bola pomaliza lilembe ndi kufotokoza m'Chipwitikizi. Boma lenilenilo linavomereza kale mfundo imeneyi pamene linalowetsa zilankhulo za m'dziko muno m'sukulu zina za pulayimale kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Chimene chili chabwino kwa mwana wa kalasi yoyamba sichisanduka tchimo akafika kukoleji.

Wachiwiri ndi ulemu umene timaphunzitsa ana athu. Timati mwana sayankha akulu, sayang'ana mkulu m'maso. Ndi mwambo wabwino pakhomo, koma mu labotale mwana amene waona kuti nambala ya mphunzitsi yalakwika ayenera kunena. Ndipo mwambo wathu womwewo uli ndi mbali ina imene timaiiwala: pabwalo la milandu, mfumu siyamba ndiyo kulankhula. Imamvetsera mbali zonse, nduna zimafunsa, ndipo chigamulo chimabwera pomaliza. Chipinda cha matebulo ozungulira chimafanana ndi bwalo kuposa mmene chimafanirana ndi tchalitchi.

Atsikana ndiye ali pa chiopsezo chachikulu. Pa gulu la anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, kawirikawiri anyamata amagwira zipangizo, mtsikana amapatsidwa cholembera poti ali ndi dzanja labwino. Zikatero ndiye kuti benchi yakale yabwereranso pa tebulo latsopano. Mankhwala ake ndi kusinthana ntchito sabata ndi sabata, ndipo mphunzitsi azifunsa aliyense mwadzidzidzi, osati wokweza dzanja yekha. Mankhwala omwewo amachiza mlesi amene amadya thukuta la anzake. Amene anapitapo ku dima akumudziwa munthu wotere: khasu amaligwira mopepuka, koma pa mowa amakhala patsogolo. N'chifukwa chake magulu amakhala a anthu atatu, osati khumi, ndipo pamapeto aliyense amalemba mayeso payekha.

Za ndalama n'zodziwikiratu. Chipinda chotere chimalowa anthu ochepa kuposa holo ya mabenchi, chimafuna aphunzitsi othandizira, ndipo makompyuta amafuna magetsi osazimazima, chinthu chimene midzi yambiri ya m'chigawo chino sichinaione ngakhale damu la Cahora Bassa lili pakhomo pathu ndipo magetsi ake ambiri amapita ku South Africa. Komabe phunziro la miyala itatu lija silinafune kompyuta. Linafuna sikelo, botolo, tebulo ndi mphunzitsi wololera kutseka pakamwa. Mmisiri wa matabwa wa pa msika wa Moatize angakhome tebulo lozungulira. Sekondale ya ku Zóbuè ingatembenuze madesiki kuti ana ayang'anizane popanda kudikira nduna kudzadula riboni.

Malasha sadzakhala mpaka kale

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi ikutikhudzira ife kuposa anthu a kwina. Eni migodi amabwera ndi kupita. Kampani ya Rio Tinto inagula migodi ya Riversdale, kuphatikizapo wa Benga, mu 2011 pa ndalama zoposa madola 3 biliyoni, koma mu 2014 inaigulitsa kwa ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni okha. Vale, imene inayamba kutulutsa malasha mu 2011 ndi kumanga njanji ya makilomita 912 yodutsa m'Malawi kukafika ku Nacala, inalengeza mu 2021 kuti ikusiya malonda a malasha, ndipo mu 2022 mgodi ndi njanjiyo zinapita m'manja mwa Vulcan pa madola 270 miliyoni. Maiko ambiri akuchepetsa kuwotcha malasha chifukwa cha kusintha kwa nyengo, kumene ife tikukuona ndi maso pa mvula yosadalirika ndi kusefukira kwa Revúbuè.

Mnyamata wa zaka 18 lero adzagwira ntchito mpaka cha m'ma 2060. Amene anangoloweza mabatani a makina amodzi adzatha ntchito limodzi ndi makinawo. Amene anazolowera kupatsidwa funso lachilendo, kuligawana ndi anzake, kuyeza, kulakwitsa ndi kuyambanso, angachoke ku malasha n'kupita ku golide, ku miyala yomangira, ku zitsime za madzi, ku misewu kapena ku magetsi a dzuwa. Kuyeza kulemera kwa mwala ndi kumodzi, kaya mwalawo ndi wakuda kapena woyera.

Tsono inu makolo ndi amalume a ku 25 de Setembro, Cateme, Kambulatsitsi ndi Zóbuè, mukamakwera chapa kukaona sukulu imene mwana wanu akufuna, musakhutire ndi utoto wa pakhoma ndi maluwa a pageti. Pemphani kuona chipinda chophunziriramo nthawi ya phunziro, ndipo mvetserani kuti akulankhula ndani. Funsani ngati labotale imatsegulidwa sabata iliyonse kapena tsiku la alendo lokha, ngati madzi amatuluka pa mpopi wake, ndiponso ngati sukuluyo imapezera ophunzira malo a estágio kapena aliyense amadzionera yekha. Funsani kuti pa amene analowa chaka choyamba, ndi angati anafika chachiwiri, ndipo mwa iwo atsikana ndi angati.

Mukatuluka mu ofesi, pezani wophunzira wa chaka chachitatu amene wakhala pansi pa mtengo, mumugulire botolo la zakumwa, ndipo mumufunse kuti chipangizo chomaliza chimene anagwira ndi manja ake chinali chiyani, ndipo linali tsiku liti.